Thabwa lomwe malemu anabwereka

Anamfedwa nonse, mbiri iyi alemba ndi akulu awo a malemu, omwe malemuwo anawabwereka thabwa pa 6 Juni 1994 osabwezanso. Tifikako.

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1961, achiwiri m'banja la ana awiri. Akulu awo analekezera kalasi yachinayi kuti ang'ono awo aphunzire, ndipo malemu anafikadi kalasi yachisanu ndi chitatu. Mu 1982 akulu awo anawapemphera ntchito kufakitale, nawaphunzitsa makina osemera zitsulo. Mu 1986 malemu anakwatira mayi akhala apawa.

Banja lathu ndi la anthu afupi, pomwe makina aja anawapangira anthu atali. Onse awiri ankasema ataima ndi zala zakuphazi, mapewa ali m'makutu, khosi litapendekeka. Akulu awo atatopa ndi ululu anayeza ndi chingwe, nakhoma thabwa loti akaimapo zigongono zizilingana ndi zogwirira za makina. Malemu ankaseka, ati akulu awo akufuna ayambe kulalikira.

Tsiku lija malemu anabwereka thabwalo, ati chidendene chikuwawawa. Lisanathe ola, kunalowa anthu oyeza kaimidwe ka antchito, matepi oyezera ndi kamera zili m'manja. Ngati malemu anali atamviratu za kubwera kwawo, akudziwa ndi Mulungu. Anayeza khosi, msana ndi zigongono za aliyense. Malemu anawapeza ali chilili, owongoka bwinobwino. Atafunsidwa kuti nzeru ya thabwayi ndi ya yani, malemu anangomwetulira.

Pakhomo la fakitale anamatapo zithunzi ziwiri. Cha malemu analembapo kuti "Imani chonchi." Cha akulu awo anajambulapo mtanda wofiira.

Mu 1995 malemu anakwezedwa kukhala oyang'anira chitetezo cha antchito. Anakhometsa mathabwa pa makina onse, zida anazisendezera pafupi ndi dzanja kuti munthu asamapotoke potola, analamulanso nthawi zopumira ndi kudziwongola. Misana ya ambiri inapulumuka, sitikukana. Akulu awo anatsala pamakina mpaka dzanja lamanja linachita dzanzi, ndipo lero malaya amachita kuwaveka.

Malemu anayamba kudwala impso mu Januwale chaka chino. Akulu awo anakawazonda katatu, pempho lawo lili limodzi: kuti malemu akauze mabwana mwini wake wa thabwa, chithunzi cha mtanda chichotsedwe. Maulendo onse malemu ankati adzakawauza akatuluka m'chipatala. Anatisiya pa 2 Meyi.

Asiya mayi a kunyumba, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi chimodzi, ndi akulu awo. Tikuthokoza anamwino, achibale, anansi, komanso mabwana a kufakitale chifukwa cha bokosi lomwe aliyeza bwino ndithu. Mzimu wa malemu ukause mumtendere.

Zithunzi ziwiri zija zikadali pakhomo, ndipo aliyense wolowa ntchito kumene amayamba waonetsedwa zimenezo.