Amayi anaphunzitsa mkazi wanga kundibisira ndalama

Omvera anzanga, ndine mlimi wa ku Zemba, ndipo mpaka lero mutu sukugwira. Kwathu kunabwera mtsikana wochita kafukufuku, n'kufunsa mkazi wanga kuti anamuphunzitsa kusunga ndalama ndani. Ine ndinayamba kumwetulira, kudikira kuti anditchule.

Mkazi wanga anayankha kuti, "Apongozi anga. Anandilangiza kuti ndikagulitsa mtedza, ndalama zina ndizimanga pachitenje, mwana wawo asaone."

Ndinathamangira kwa amayi. "Amayi, mpaka kuphunzitsa mkazi wanga kundibera?"

Sanasiye n'komwe kuswa mtedza wawo. "Iwe, atate ako ankamwera ndalama zonse za thonje. Ukuyesa sukulu unaphunzira ndi chiyani?"

Abambo anzanga, musanakalipe, yambani mwafunsa chimene chinakulerani. Ine ndinaleredwa ndi mfundo ya pachitenje.