Makilo Awiri a Mdzukulu

Pa siteji ya Nsaru, a Hilario, nkhope ili khuma, anapatsira foni mayi wina wogulitsa mtedza amene sankamudziwa n'komwe.

"Pepani amayi, tandiwerengereni uthengawu. Mdzukulu wanga wamkazi anabadwa masiku asanakwane, ali kuchipatala ku Namitete. Anamwino anati akakwana makilo awiri amutulutsa. Koma amake alemba 2,100 g. Kodi mwanayu watupa?"

Mayiyo anaseka chikhakhali.

"Watupa pati, abambo? Amenewa ndi magalamu. Kilo imodzi ndi magalamu wani sauzande, ngati mmene kilomita ilili mamita wani sauzande. Mukangomva kilo, dziwani kuti muli sauzande."

"Ndiye makilo awiri ndi thu sauzande, eti?"

"Eya. Wanuyo wapyola ndi handiredi."

"Handirediyo amachuluka bwanji?"

Mayiyo anatapa mtedza n'kuthira pa sikelo yake.

"Ndi ameneyu."

"Kamtedza aka ndiye kamutulutsa m'chipatala? Ambuye ngabwino. Dzinatu tinali tisanamupatse, timachita mantha. Inu dzina lanu ndani, amayi?"

"Ndine Lilian."

"Basi, minibasi ibwere msanga. Ndikukatenga Lilian."