Mlembi, Mlamu Wake ndi Chitofu cha Gasi

Mlembi wa timabuku ta malangizo pakampani yopanga zitofu za gasi anali katswiri papepala, koma akangotsegula pakamwa ngakhale ntchentche zinkawodzera. Abwana atamuuza kuti ogula akagonanso pachionetsero cha mawa ntchito yatha, anaitanira kukhitchini mlamu wake wazisudzo kuti amuphunzitse kulankhula pagulu.

"Yambani, alamu," anatero wazisudzo, akukhala pampando. "Ine ndine ogula."

Mlembi anayang'ana pansi. "Gawo loyamba. Chotsani chitofu m'katoni."

"Iyayi! Mukuuza simenti kodi? Yang'anani anthu m'maso."

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Mpaka amve."

"Zimenezo sizingalembedwe. Munthu amafuna kudziwa poyambira ndi polekezera."

"Musalembe! Mawu azichokera m'mimba."

"Amachokera pakhosi."

"Pasiteji amachokera m'mimba."

"Ndiye alakwitsa. Muwauze akonze."

Wazisudzo anagwira m'mutu. "Chabwino. Chitofuchi muchikonde. Muchione ngati mwana wanu."

Mlembi anachiyang'anitsitsa chitofucho. "Tsamba lachiwiri likuti chizikhala kutali ndi ana."

"Aaa, inunso! Khalani apa, muone mmene amachitira anzanu."

Wazisudzo anaimirira, n'kutambasula manja. "Amayi ndi abambo! Lero muona moto!" Anapotokola kabatani, gasi n'kuyamba kutuluka. Anasolola kamtengo ka machesi, anakakweza m'mwamba, ndipo anangoti njo.

"Alamu," anatero mlembi chapansipansi, "machesi ndiwo amayamba, gasi pambuyo."

"Shh! Apa ndi pokhala chete. Chinsinsi cha siteji chimenechi. Anthu adikire, mitima ikhale m'mwamba."

"Gawo lachinayi likuti..."

"Mukung'ung'udza. Wakumbuyo sakukumvani."

"Kwayamba kununkha."

"Wosewera weniweni safulumira. Ine ndinakhalapo chete mpaka mayi wina analira."

Anatsitsa dzanja pang'onopang'ono, kamtengo kaja n'kufika pabokosi.

"Tayani machesiwo!" Mlembi anali atadzambatuka, chala chili pamphuno pa mlamu wake. "Tsekani gasi! Tsegulani zenera, mutipha!"

Mbale zinalira m'kabati. Galu wa aneba anauwa. Wazisudzo anapezeka atachita zonse zitatu, motsatana bwinobwino, osadziwa kuti wachita liti.

"Mwamva?" anatero ali wefuwefu pazenera. "Kuchokera m'mimba! Maso ali pa ine, dzanja likugwira ntchito! Ntchito yanu yapulumuka, alamu. Mawa mukangochita chimodzimodzi."

"Chimodzimodzi?"

"Ndendende. Osasintha kanthu."

Mlembi anagwedeza mutu, mawu atabwereranso pansi. "Ndi zoona. Kuntchito kwathu njira ikagwira, timaibwereza yonse, osadumpha gawo." Anatola bokosi la machesi n'kumuikira mlamu wake m'thumba la malaya. "Mulawire. Mukaima pafupi ndi chitofu."

"Ine?"

"Popanda inu mawuwo satuluka. Kungoti chitofu cha mawa ndi chachikulu, cha m'mahotela, ndipo mazenera a chipindacho satseguka. Mukakhale chete ngati lero."

Wazisudzo anayang'ana machesi, n'kuyang'ananso chitofu.

"Alamu," anatero, "kodi ogulawo sangawerenge okha kabukuko?"