Agogo Bornwell Kumwenda ndi Jekeseni wa ku Joni

Anamfedwa nonse, ndisanayambe mbiri mundilole ndinene zimene zikunong'onedwa kuseri kwa nkhokwe kuyambira dzana. Akuti thupi la agogo likuwala m'bokosimo. Akuti ku Joni anawabaya moto, ndipo mwamuna wogwira bokosi ili sadzabereka. Ine Towela, mdzukulu wawo, ndazimva zonse, poti mukudziwa makutu anga sagona. N'chifukwa chake mpaka manje palibe wabwera kudzanyamula. Amalume a Ricky ati mbiri ndiwerenge ndine, chifukwa agogo ankanena okha kuti pakamwa pangapa padzagwira ntchito tsiku lina.

Malemu a Bornwell Kumwenda anabadwa pa 3 Juni 1931 ku Chifunda. Sukulu anayamba mu 1941 ku Tembwe, koma analekeza Sitandade 3. Iwo ankati njovu zinkawatsekera njira. Alongo awo akuti bodza, ankazitsatira okha njovuzo mpaka belu loweruka.

Mu 1956 anakwatira agogo a Jestina Goma, amene akhala apawa. Agogo aakaziwa anawakana kawiri, eti ankanunkha tchire. Kachitatu malemu anatsata mapazi awo pamchenga wa kumtsinje, pakati pa mapazi a amayi a mudzi wonse, mpaka kuwapeza pamene ankatunga madzi. Agogo aakazi anaona kuti munthu wotere sungamuthawe.

Mu 1959 malemu analowa ntchito yotsata nyama kwa a Gemu, oyang'anira nyama zakutchire. Akaona udzu wopindika ankakuuzani kuti njati yadutsa liti, ndiponso mwendo umene ikutsimphina. Anapuma mu 1986. Kuyambira apo ntchito yawo inali moni. Akapita kukagula mchere ku Chama ankabwera dzuwa litapendeka, chifukwa dzanja la munthu aliyense pamsika linkayenera kugwidwa, ndi la mwana lomwe.

Mu 1995 anayamba kuvutika potaya madzi. Ku Lusaka anawapeza ndi khansa ya abambo, ya kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo kamene madokotala amati pulositeti. Pepani akuluakulu, si mawu a mwana ngati ine, koma ndi matenda amene anatitengera agogo.

Mu 1996 amalume a Ricky, amene amagwira ntchito ku Joni, anawatengera kuchipatala cha kumeneko. Madokotala ankayesa mankhwala atsopano obaya m'mtsempha. Mankhwalawo amatulutsa cheza chosaoneka ndi maso, ndipo amayenda m'thupi kufuna pamene khansa yabisala, kuti makina ajambule malowo. Anawauza poyera kuti si ochiritsa, akungoyesedwa, angathe kukana. Amalume anachita mantha. Koma agogo anaseka, nati ntchito imeneyi akuidziwa: nyama yolasidwa sungaipeze osatsata mapazi ake, ndipo ngati anyamatawa akuphunzira kutsata, aphunzirire pa iwo, kuti abambo ena mawa asachedwe monga iwo anachedwera.

Chithunzi chinatuluka ndi timadontho toyera, kusonyeza kuti matenda anafika patali. Madokotala anati kwa masiku ochepa okha asanyamule makanda, mpaka mphamvu ya mankhwala ithe yokha. Inatha asanakwere ndi basi yomwe.

Manje pamene panalakwika ndi apa. Agogo pofika kuno anafotokoza nkhani yonse pamsika monyadira, kuti mkati mwawo munaoneka nyenyezi, ndi za makanda zija. Anthu anamva nyenyezi, anamva makanda, koma “masiku ochepa” anawasiya pansi. Sabata lotsatira kutchalitchi agogo anatambasula dzanja, anthu n'kuwomba m'manja chapatali. Pamowa anawapatulira chikho chawochawo. Ena mwakhala pompano, maina ndikuwadziwa, koma amama andiletsa.

Agogo sanakwiyire munthu. Anangoyamba kuyenda manja ali kumbuyo, ndipo mchere ankatuma ife. Koma agogo aakazi anapitiriza kudya nawo mbale imodzi. Ndi amene awasambitsa dzulo, okha ndi amalume, ndipo aoneni, sakuwala. Kamwana ka achemwali anga a Beauty kanakulira pamiyendo pa malemuwa, lero n'konenepa kuposa ana anu onse.

Malemu anatisiya pa 14 Ogasiti 1998 m'chipatala cha Chama. Asiya mkazi, ana asanu, Ricky, Ennie amene ndi amama, Donald, Jenny ndi Sunday, komanso adzukulu khumi ndi anayi. Banja likuthokoza anamwino amene sanaope kuwagwira, amayi a mpingo amene aphika, a Gemu amene atipatsa galimoto, ndi adzukulu okumba manda. Agogo, mwatsata mapazi ambiri, manje pumulani. Mzimu wanu uuse mumtendere.

Mbiri yathera apa, koma bokosi likadali pakhonde. Amalume a Ricky ndi a Donald agwira kale kumutu, a Sunday ali kumiyendo okha. Munthu wagona m'bokosiyu anagwira dzanja la aliyense wa inu musanamere ndi mano omwe. Kodi ndani ayambe kuimirira kudzawagwira lero?