Nyali Yoona Maenje

Loweruka masana atelala anakankhira njinga yawo yamoto m'galaja ya mkamwini wawo, wokonza zamagetsi za magalimoto, n'kukhala pa chitini cha oilo. Mwana wawo wamkazi anali atagamula kale mlandu: nyali ya njingayo ikonzedwe, ndipo bambo akapezeka kuti sakuonabe, makiyi alowe m'chikwama chake osadzatulukamonso.

Zomwe atelala anagunda chaka chimenecho sizinali zambiri. Wilibala ya omanga nyumba, geti la aneba, ndi dzenje la pamphambano. Dzenjelo analigunda kawirikawiri pochokera kushopu madzulo, koma popeza linali limodzi lomwelo, iwo ankaliwerenga kamodzi.

"Vuto ndi nyali," anatero, akuika chipewa chawo patebulo la zida.

Mkamwini anapotoza kiyi n'kukanikiza swichi. "Ikuyaka, bambo."

"Ikuyaka. Koma siikuona."

"Nyali siona. Amaona ndi munthu."

"Iyi inkaona."

Mkamwini anawerama n'kusuzumira m'galasi la nyaliyo ngati akufuna diso lake. Anali munthu wabwino, wa manja aluso, koma mawu ankawalandira momwe abwerera, osawatembenuza kuti aone kunsi kwake. Tsiku loyamba kufika kwa apongozi ake, atauzidwa kuti akhale ngati ali kwawo, anadzuka n'kukakonza soketi ya kukhitchini. Atelala ankamukonda. Anali asanamuuzepo, ndipo analibe maganizo oti adzamuuze.

Mkamwini anafunsa kuti nyaliyo inayamba liti kufooka. Atelala anayankha kuti chaka chomwe mayi akunyumba anatisiya. Mnyamata wa eni akeyo anavula kapusi, anaigwira pachifuwa kwa kanthawi koyenera, kenako anaivalanso.

"Pepani, bambo, koma babu silidziwa maliro."

"Ili linadziwa."

"Komanso si lomwe lija. Lija linapsa, ndinasintha ndine mwambo utatha."

"Ndiye munaiwononga ndinu."

Mkamwini anavomera kuti ngati anaiwononga ndiye, aikonzanso ndiye. Anatsitsa katoni pashelefu n'kuyala zam'kati mwake patebulo ngati dokotala: babu loonda lalitali, kabokosi kachitsulo, ndi mtolo wa mawaya. Anafotokoza kuti babu ili lilibe kawaya kofiira m'kati ngati mababu akale. Muli gasi. Kabokosiko kamakweza mphamvu ya batire, moto n'kulumpha m'gasimo, kuwala kwake koyera ngati masana. Likangoyatsidwa limayamba mwaulesi, kenako limakwera lokha. Ndipo munthu asamaliyang'ane m'maso.

"Mphezi ya m'botolo," anatero atelala.

"Si mphezi, bambo. Mphezi imabwera ndi mvula."

Atelala anatambasula dzanja kuti aligwire. Kwa zaka zambiri zala ndizo zinkawagwirira ntchito: nsalu ankaidziwa poisisita, ulusi ankaulowetsa m'singano pongoukhudza, ndipo makasitomala ankati ndi luso. Mkamwini anakokera babulo pachifuwa pake.

"Siligwiridwa ndi zala."

"Chinthu chosagwira ine sindilandira."

"Mafuta a m'zala amaswa galasi likatentha."

"Zala zanga zilibe mafuta. Ndine telala, si wokazinga."

"Zala zonse zili ndi mafuta, bambo. Ngakhale za abusa."

Atelala anabweza dzanja n'kuliika pabondo. Anangonena kuti nsalu yomwe wogulitsa amakaniza kugwira imakhala ndi chilema, ndipo mkamwini anawatsimikizira, mwaulemu wonse, kuti chimenechi si nsalu.

Ntchito inayamba. Mkamwini anamasula nyali, anachotsa babu lakale, nalowetsa latsopano atalifunda kansalu koyera. Mawaya anawayendetsa pansi pa thanki. Kabokosi kaja anazungulira nako njinga yonse kufuna pokaika, mpaka anaima pa mpando wakumbuyo. Pampandopo panali katsamiro ka maluwa, kosokedwa ndi manja, kothetheka ndi dzuwa. Anakagwira kuti akamasule.

"Pamenepo ayi."

"Pansi pake m'pouma bwino, bambo. Madzi safikapo."

"Ndi malo a munthu."

Mkamwini anayang'ana pampando, anayang'ana kuseri kwa njinga, anayang'ananso kuchitseko.

"Palibe munthu."

"Ndiye musaikepo kabokosi."

Kabokosiko kanakamangiriridwa kutsogolo, kuseri kwa nyali, pamalo pothinana pomwe panasupula mkamwini zala ziwiri. Sanadandaule. Atamaliza anajambula mzere wa choko pakhoma, nati kuwala kusamapitirire pamenepo, kuopa kuchititsa khungu obwera kutsogolo. Kenako anatseka chitseko cha galaja, m'katimo mukhale mdima.

Babulo linaphethira, linachita buluu ngati likuganiza kaye, kenako linakwera, linakwerabe, mpaka khoma lonse linayera mbee. Akangaude a m'ngodya anathawa. Mkamwini anapinda manja, akumwetulira.

Atelala anaona nsalu yoyera yaikulu yoyalidwa patsogolo pawo. Mzere wa choko sanauone. Anakhosomola.

"Yawala."

"Kwambiri, bambo."

"Koma siikunena."

"Kunena chiyani?"

"Za kutsogolo."

Mkamwini anatenga katoni, anaitembenuza mbali zonse, nanena kuti pamenepo sanalembepo zoti imalankhula. Atelala anati ya kale ija inalibe n'katoni komwe, koma dzenje inkalidziwa lisanafike. Mbuzi inkaidziwa. Mwana wothamangira mpira inkamudziwa.

"Munkadziwa bwanji kuti yadziwa?"

"Ndinkamva."

"Ndi khutu?"

"Ndi khutu. Nthawi zina ndi nthiti."

Nkhope ya mkamwini inasintha. Anazimitsa nyali mwamsanga, anatsegula chitseko pang'ono, n'kuthamangira kamakina kake koyezera magetsi.

"Imeneyo inali shoti, bambo. Magetsi ankadutsa m'mpando n'kukulowani m'thupi."

"Sinali shoti."

"Inkakubayani mbali iti?"

"Dzenje likakhala kumanzere, nthiti yakumanzere. Likakhala kumanja, yakumanja."

"Shoti siisankha mbali."

"Iyi inkasankha."

Mkamwini anagwada n'kuyamba kuyeza waya uliwonse, akuthokoza Mulungu kuti apongozi ake akadali moyo. Atelala anamusiya ayeze. Chala chomwe chinkawabaya m'nthiti ankachidziwa bwino lomwe, ndi chikhadabo chake chomwe. Madzulo aliwonse akatseka shopu, mayi ankakwera pa katsamiro ka maluwa kaja, n'kumanena pansipansi pafupi ndi khutu: dzenje, mbuzi, mwana. Sanauzepo munthu kuti maso a mwamuna wawo akutha, ngakhale mwamunayo. Akafika kunyumba ankangosisita galasi la nyali n'kunena kuti, nyali yathuyi imaona. Atelala analibe chifukwa chotsutsira akazi awo ali moyo, ndipo sakanayamba tsopano. Koma zimenezi si nkhani zouza mkamwini m'galaja.

Shoti sinapezeke. Mkamwini anadzuka, anapukuta mawondo, nanena mwamanyazi kuti kwatsala mayeso. Akazi ake anamulamula kuti aime kutsogolo kwa njinga, anyamule zinthu, bambo azitchula. Akalephera, makiyi apite nawo kunyumba. Atelala anagwira thumba la malaya momwe munali kiyi wapadera. Popanda njinga, shopu inali kutali. Popanda shopu, panatsala mpando wa pakhonde pa mwana wawo, ndi zidzukulu zowafunsa ngati amwa mankhwala.

"Munati munthu asaiyang'ane m'maso."

"Ndinatero."

"Nanga muima kutsogolo?"

"Akazi anga anati kutsogolo, bambo. Sanati kumbali."

Atelala anaganiza zomulangiza kachiwiri. Kenako anakumbukira kuti iwo si munthu wa mawu ambiri.

Chitseko chinatsekedwanso. Mkamwini anakokera tebulo la zida pafupi, naima pakati pa njinga ndi khoma. Atelala anakanikiza swichi. Babulo linaphethira, linachita buluu wofooka, ndipo mkamwini, poopa kuti poyeza paja wamasula waya, anawerama n'kuyandikiza nkhope pagalasi kuti aone. Pomwepo mphezi ya m'botolo inakumbukira ntchito yake.

"Mayo!"

Anadzandira chammbuyo, anagunda khoma, n'kufufuta mzere wa choko ndi msana.

"Yayaka?" anafunsa atelala.

"Yayaka, bambo."

"Tiyeni ndi mayeso."

Mkamwini sankasiya ntchito pakati. Anapapasa patebulo, maso ali psuu, misozi ikutsika, n'kunyamula chinthu. Chinthucho chinagunda mphete yake yaukwati, ngwe.

"Ichi n'chiyani?"

"Sipanala."

"Mwakhoza. Nanga ichi?"

Chachiwiricho chinalira khuchukhuchu.

"Botolo la oilo. Latsala pang'ono kutha."

Mkamwini analigwedezanso pafupi ndi khutu lake, navomera kuti latsaladi pang'ono. Anapapasanso, mpaka kumapeto kwa tebulo, nanyamula chofewa. Chimenechi sichinalire. Koma atelala anamva pomwe dzanja linaima, ndipo ankadziwa zomwe anasiya pamenepo.

"Chipewa changa."

"Mwalakwa, bambo. Ndi chisanza chopukutira manja."

"Valani."

Mkamwini anachisisita, anapeza mlomo wake, anapeza ndi lamba wake. Anachigwira ndi manja awiri ngati mbale ya mlendo.

"Ndi chipewa."

"Mwachipaka oilo?"

"Sindikuona, bambo."

"Ine ndikuona. Mwachipaka."

Anazimitsa nyali, chitseko chinatsegulidwa. Kunja dzuwa linali litalowa, kumwamba kukadali kofiira. Mkamwini anakhala pa chitini chija akuphethira. Ananena kuti paliponse pomwe akuyang'ana pali chibuluzi chobiriwira chikuyandama, ndipo akatseka maso chimalowa nawo m'kati. Kenako, chifukwa anali munthu woona mtima mpaka kupweteka, anati mayesowo akuwakayikira. Sipanala inalira, botolo linalira. Iye akauza akazi ake zomwe waona basi, osawonjezera.

"Mwaona chiyani?"

Mkamwini anaganiza mozama.

"Zobiriwira."

"Mukanene zomwezo."

Vuto linali la kapitidwe kunyumba. Mkamwini galimoto yake sakanayendetsa, ndipo atayesa kupita pachitseko anakumbatira shelefu. Atelala anavala chisoti, anamupatsa chinacho chomwe chinkakhala chomangirira kumbuyo, naliza njinga.

"Kwerani."

Mkamwini anapapasa, napeza katsamiro ka maluwa. Anachotsa dzanja msanga.

"Munati ndi malo a munthu."

"Inu ndinu chiyani?"

"Munthu, bambo."

"Nanga?"

Anakwera mwaulemu, atakhala kunsonga, manja ali pamawondo ngati ali m'basi. Njinga inatuluka. Nyali yatsopano inayala nsalu yake yoyera pamsewu, yaitali, yopanda msoko, ndipo atelala anaiyendetsa monga ankachitira masiku onse: pang'onopang'ono, mwa chizolowezi, akuwerenga makhonde ndi fungo lake. Apa wowotcherera zitsulo, apa wometa, apa wogulitsa matayala. Kutsogolo kunali mphambano. Anamva mapewa awo akuuma monga ankachitira nthawi zonse pamalopo. Dzenje lija linali penapake m'nsalu yoyerayo, likudikira mnzake wakale, ndipo lero linali ndi mboni.

Kumbuyo kwawo mkamwini analengeza kuti chibuluzi chikuchepa. Kenako anati akuona mitengo ya magetsi. Kenako anati nyaliyi ndi yabwino zedi, ikuonetsa ndi timiyala tomwe. Kenako anadzidzimuka.

"Dzenje, bambo! Kumanzere!"

Zala zinawabaya m'nthiti yakumanzere, zolimba, zonunkha oilo. Thupi la atelala silinafunse mutu. Njinga inapendekera kumanja yokha, mofewa ngati lumo likutsata choko pansalu, tayala linadutsa m'mphepete mwa dzenje osalikhudza, n'kubwerera m'njira.

Mkamwini anapepesa chifukwa chowagwira m'nthiti, nati sadzachitanso. Atelala anangoyendetsabe. Mphepo inkawalowa m'maso, ndipo anaphethira kangapo.

"Dzenje lagundidwa?"

"Ayi, bambo."

"Mwaona ndi maso anu?"

"Ndaona."

"Mukanenenso zimenezo."

Mkamwini analonjeza kuti akanena, chifukwa zinali zoona. Magetsi a pakhonde pa mwana wawo anayamba kuoneka patali, kadontho kachikasu m'mphepete mwa nsalu yoyera. Atelala anachotsa dzanja limodzi pachiwongolero n'kusisita nyali.

"Yayamba kuona."

"Si nyali, bambo. Ndanena ndine."

"Ndamva. Shopu ndimatseka dzuwa likamalowa. Musamachedwe kuyaka."