Apongozi anga anapita kukandineneza, Ambuye n'kundibwezera pa kosi

Abale ndi alongo mwa Ambuye Yezu, landirani moni wanga kuchokera kuno kumapiri a Dedza, m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni. Ine ndine Veronika, amake Tadala. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene ndinatsala pang'ono kutaya kosi yanga chifukwa cha mlandu umene sindinapalamule. Ankati ndaulula chinsinsi cha wodwala, ndipo kwa munthu wophunzira ntchito ya mu ofesi ya chipatala palibe mlandu woposa umenewu.

Nditakwatiwa ndinapita chitengwa kwawo kwa amuna anga a Lukasi, amene amacheka matabwa ku Phiri la Dedza. Setifiketi yanga ya kusekondale inkangogona m'sutikesi, ndipo mtima wanga sunkakhazikika ndi kulima mbatata ya kachewere chaka ndi chaka. Nditamva kuti pa boma pali kasukulu kophunzitsa kayendetsedwe ka ofesi ya chipatala, ndinawavutitsa a Lukasi mpaka analola. Tinkaphunzira kulembetsa odwala, kusanja mafayilo, kuika masiku oti munthu adzaonane ndi dokotala, kulemba pa kompyuta zala zitauma gwa ndi chisanu cha mu Juni. Panalinso mayina aatali a matenda amene ndinkawaloweza mokweza ndili ndi khasu m'manja, mpaka amayi olima pafupi nane ankati ndayamba kupemphera m'Chilatini.

Koma phunziro limene aphunzitsi ankalibwereza mpaka kutitopetsa linali lakuti zimene waona m'kabukhu ka wodwala zimathera pa tebulo pomwepo. Usauze mnzako, usauze mwamuna wako, usauze ngakhale amayi ako okubereka. M'kalasi tonse tinkangogwedeza mitu, poti kuvomera n'kosavuta ukakhala pa desiki.

Kumapeto kwa kosi aliyense amakaphunzira ntchito pa chipatala chenicheni, ndipo mkulu wa ofesi kumeneko akapanda kukuvomereza, sukulu sikulola kulemba mayeso otsiriza. Ine ndinasankha chipatala chaching'ono cha kudera kwathu kuti ndizigona pakhomo ndi mwana. Ndinakondwa kwambiri, osaganiza kuti anthu odzaima patsogolo pa tebulo langa adzakhala omwe ndimatunga nawo madzi pa mjigo.

Kwathu kuno matenda si a munthu mmodzi. Wina akadwala timakamuzonda, timafunsa kuti chavuta n'chiyani, timauzana panjira yochokera ku Misa, ndipo wosafunsa timamuti alibe chikondi. Tsono kuyambira sabata yoyamba anthu ankandiimitsa panjira kufunsa za uje ndi uje. Ndinkangoseka n'kusintha nkhani, iwo n'kumapita akung'ung'udza kuti sukulu yandilowa m'mutu.

Vuto lenileni linabwera ndi ukwati wa mlamu wanga Petulo. Iye anali pa chitomero ndi mtsikana wina wa m'mudzi woyandikana nafe, amene pano ndimutcha Felesiya ngakhale si dzina lake. Apongozi anga, a Nangozo, anamva kuti mtsikanayo amapitapita kuchipatala. Tsiku lina masana anandiitanitsa, ine n'kukagwada chapatali pakhonde pawo monga mwa ulemu wake.

“Amake Tadala, mtsikana wa Petulo uja akudzatani kuchipatala kwanuko? Inu ndinu a m'banja muno, tiuzeni tisanagwe m'dzenje.”

Chikwatiwire ndinali ndisanawakanirepo kanthu apongozi anga, ngakhale kuwayang'ana kumaso. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, “Pepani amayi, zimenezo sitinena.”

Anandifunsanso mawa lake, n'kutuma mchemwali wawo, kenako ankhoswe. A Lukasi nawo anatopa ndi phokoso la amayi awo ndipo anandipempha kuti ndingowanong'oneza kamodzi zithe. Ndinawakaniranso. Pakhomo panazizira kuposa mphepo ya m'phiri. Apongozi anasiya kuyankha moni wanga, ndipo ndiwo zimene ndinkawatumizira zinkabwerera mbale isanavundukulidwe.

Pasanapite nthawi, m'mudzi monse munamveka kuti Felesiya ali ndi matenda akutiakuti. Atsibweni ake anapita kuchipatala atapsa mtima, nanena kuti palibenso wina angaulule koma mtengwa wa kwa a Nangozo amene amakhala pa tebulo lolembetsera. Kunena zoona, ndikanakhala ine ndikanaganizanso chimodzimodzi. Mkulu wa ofesi, mayi Mbewe, anandiitanira m'chipinda chawo n'kutseka chitseko.

“A Veronika, sindikunena kuti ndinu, koma ndilibe chondiuza kuti si inu. Kakhaleni kaye kunyumba, ndipo musapite kwa mtsikanayo.”

Abale anga, taganizani. Kunyumba ankandida chifukwa chokana kunena, kuchipatala andiimitsa chifukwa choti ndanena. Mayeso anali akuyandikira, ndipo popanda mawu a mayi Mbewe zonse zimene ndinavutikira zinali zothera pomwepo. Sindikanathanso kudziteteza kwa aliyense m'mudzi, chifukwa kufotokoza kulikonse kukanakhudza za Felesiya. Ndinauza a Lukasi okha. Kwa apongozi tinangosiya kuti aziganiza kuti ndili pa tchuthi, poti ndinalibe mphamvu zoti ndiwaone akundiseka.

Masiku amenewo ndinalephera kukhala pansi. Ndikatenga buku kuti ndiwerenge, maso ankayenda koma mutu uli kwina, ndiye ndinkalitseka n'kutenga khasu kukapalira munda wopalirapalira kale. Ndikabwerako ndinkasesa bwalo losesa kale. Kenako ndinkalowera tinjira ta ku Chongoni kukatola nkhuni, mpaka mulu wa kuseri kwa khitchini unatalika kuposa ine, anthu n'kumafunsa ngati tikukonzekera ukwati. Pakachulu kena pamene foni imagwira bwino ndinkakwerapo kangapo pa tsiku kuona ngati mayi Mbewe aimba. Ndinkangopeza mauthenga a anzanga a m'kalasi akufunsana mafunso a mayeso. Ndinkachita nsanje, ndinkachita mantha. Tadala ankati akandigwira chitenje ndinkamukalipira popanda chifukwa, kenako n'kumunyamula ndikulira.

Kumphakati, pamene akhristu a m'mudzi timasonkhana kupemphera, nthawi ya mapemphero a aliyense itakwana ndinangoti, ndipempherereni, ndili ndi vuto limene sindingathe kulitchula. Ena anayang'anana. Mumtima ndinali ndikukangana ndi Mulungu. Ndinkamufunsa kuti ngati kusunga chinsinsi cha munthu n'kwabwino, bwanji ndikulangidwa mbali zonse ziwiri? Ndinkayenda ndi kolona m'manja m'nkhalango muja, nthawi zina osadziwa n'komwe pamene ndafika. Pemphero langa linatsala lalifupi kwambiri: Ambuye, nditumizireni mboni, munthu mmodzi yekha woti anene kuti si ine. M'maganizo mwanga ndinkayembekeza namwino, kapena Felesiya mwini wake.

Lachiwiri lina apongozi anga anadzuka miyendo itatupa ndipo anakwera kabaza kupita kuchipatala. Zimene zinachitika kumeneko anandifotokozera pambuyo pake ndi mayi Mbewe. Atalandira mankhwala, a Nangozo sanabwerere. Anaona kuti pa tebulo ine palibe, ndiye anati mpata ndi uno, nafunsa kuti bwana wa mpongozi wawo ndi ndani. Atawalowetsa mu ofesi, anakhala pampando n'kuyamba dandaulo lawo.

Anafunsa kuti kodi kosi imeneyi imaphunzitsa ana mwano? Anati iwo, munthu wamkulu, anafunsa mpongozi wawo funso laling'ono la mtsikana wofuna kulowa m'banja lawo, iye n'kuwakanira. Anatuma mchemwali wawo, anakana. Anatuma ankhoswe, anakana. Anatuma mwamuna wake weniweni, ameneyonso anabwerako chimanjamanja. Anapempha kuti achipatala andilangize, chifukwa mkazi wouma mutu chotere sanamuonepo.

Mayi Mbewe akuti anangoika cholembera pansi. Anawafunsa modekha kuti, nanga ngati mpongozi wanuyo anakana, nkhani ili m'mudziyi inachokera kuti?

“Maso ndili nawo ine,” anayankha apongozi anga monyadira. “Ndinakhala pansi pa mtengo wa pageti apo ndi dengu la kachewere ngati wogulitsa, n'kuona chitseko chimene mtsikanayo analowa, poti matenda aliwonse ali ndi chipinda chake. Zotsalazo ndinadziwerengera ndekha.”

Tsiku lomwelo foni inalira ndili m'nkhalango pafupi ndi kachulu kaja, mtolo uli pamutu. Nditamva mawu a mayi Mbewe akuti ndibwere mawa m'mawa ndi yunifolomu yanga, ndinaponya mtolo pansi. Ndinagwada pa masamba a paini pomwepo, ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi. Ndinapempha mboni, Ambuye n'kutumiza munthu amene ankapita kukandiwonongera mbiri. Nkhuni za tsiku limenelo ndinazisiya komweko.

Sindinganame kuti zonse zinatha bwino. Mayi Mbewe anaitana atsibweni a Felesiya ndi apongozi anga pamodzi, ndipo a Nangozo anatuluka mu ofesimo atafunda chitenje kumutu ndi manyazi. Anakapepesa kwawo kwa mtsikanayo, koma Felesiya mwini wake anathetsa chitomero. Anati sangakwatiwe pakhomo pamene anamuzonda ngati mbala. Petulo anakhala nthawi yaitali osalankhula ndi amayi ake. Zimenezi zimandipwetekabe mtima, ndipo ndikupempha kuti mtsikanayu muzimukumbukira m'mapemphero anu. Achipatala nawo anaphunzirapo kanthu. Anamanga mpanda kutsogolo kwa zipinda zija, moti tsopano aliyense amalowera khomo limodzi ndipo wokhala pageti saona kumene munthu wakhotera. Ngati zimene apongozi anga anaganiza zinali zoona kapena zabodza, sindinanene nthawi imeneyo ndipo sindinena lero.

Ndinamaliza masiku anga otsala, mayi Mbewe anandivomereza, ndipo mayeso ndinalemba pamodzi ndi anzanga. Ndinakhoza. Chipatala chomwecho chinanditenga, ndipo panopa ndimakhala pa tebulo lomwe lija.

Miyezi ingapo yapitayi ndinakweza mutu n'kuona apongozi anga ali pamzere. Mnzanga amene timagwira naye ntchito anawaitana kuti awalembe, koma iwo anapukusa mutu n'kulola anthu awiri atatu awadutse. Anadikira mpaka tebulo langa litapanda munthu. Anamasula kabukhu kawo pa nsonga ya chitenje, nandipatsa ndi manja awiri.

“Ndilembeni inuyo, amake Tadala,” anatero motsitsa mawu. “Pakamwa panu ndinapayesa ndekha.”

Ndikuthokoza Mulungu amene anandigwira dzanja pamene ndinkangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Ndikuthokoza mayi Mbewe chifukwa chomvetsera dandaulo la nkhalamba mpaka kumapeto, ndi a Lukasi amene tsopano akafika pakhomo amangofunsa ngati ndatopa, osati ndaona yani. Inu amene muli pa kosi ngati yangayi, kapena mukuzunzika chifukwa chochita chinthu choyenera, limbani mtima ndipo musasiye kupemphera, ngakhale pemphero litatsala la mawu ochepa ngati langa lija. Ambuye amamva, kungoti mthenga wawo amasankha okha.

Apongozi anga akupeza bwino, ndipo mbale za ndiwo tsopano zimabwerera zopanda kanthu. Zimene ndinaona m'kabukhu kawo tsiku lija, a Lukasi sakuzidziwa, ndipo nanunso musandifunse.