Sinali mfuti, unali mtsuko wanga

Ine, amene onse amanditchula Kachete, wa zaka 22, ndimakhala m'nyumba ya lendi kuseri kwa chigayo, ndipo ndikuphunzira kuumba. Pepani bwana pokutayitsani nthawi. Ndabwera chifukwa cha bambo okalamba, omwe kale anali mlonda, amene mwawatsekera kuyambira dzulo.

Malemu akazi awo ndi amene anandiphunzitsa kuumba. Poyamba ndinkangowasesera pakhonde, kenaka anayamba kundigawira dongo. Anali ndi uvuni wamagetsi wootchera makapu ndi mitsuko, wolekeza m'chiuno mwanga, wong'aluka pang'ono pachivindikiro. Tsiku lootcha tinkakhala pambali pake, tikumwa tiyi m'makapu opindika omwe anakanika kugulitsika. Chilichonse asanachiike mu uvuni ankachigunditsa patsaya. Ankati, "Chikamazizira, chikadali ndi madzi. Usathamange, Kachete, dongo silikwera basi."

Anamwalira chaka chatha. Lolemba lapitali bambowa anandigulitsa uvuniwo. Kunabwera ena a ndalama zambiri kuposa ine, koma anawabweza. Tinaukankha pa wilibala anthu atatu, mtunda wa mamita ngati 400. Wamagetsi anadzaulumikiza Lachitatu m'khichini mwanga.

Dzulo, Lachisanu, cha m'ma 9 koloko m'mawa, ndinaikamo makapu 6 ndi mtsuko umodzi wokhuthala kunsi, womwe ndinaumba Lachiwiri. Ndinaugunditsa patsaya. Unali wozizira. Ndinauikabe, chifukwa bambo anali atafika kale, atavala jekete, atakhala pampando pakhomo kudikira kuti aone uvuniwo ukugwiranso ntchito.

Cha m'ma 11 koloko mu uvuni munaphulika kawiri, kenaka kamodzi. Ndinathimitsa magetsi. Mayi oyandikana nane anataya ndowa n'kuthawa akukuwa, "Mfuti! Mdala uja waombera!"

Bambo sanadzuke. Anaseka mpaka kupukuta m'maso ndi chipewa. Anati, "Ndendende aphunzitsi ako! Nawonso anaphulitsa chonchi sabata yomwe tinaugula. Nkhuku zinathawa n'kubwerera patatha masiku awiri."

Apolisi awiri anafika cha m'ma 12 koloko n'kufunsa komwe kunali mfuti. Bambo analoza uvuni akusekabe, amvekere, "Funsani uyo, ana anga, koma musamutsegule, akadali wotentha." Anawakweza m'galimoto. Ine ndinali kuseri kwa chitseko. Sindinatuluke kudzawafotokozera.

Uvuni sutsegulidwa usanazizire, ndiye ndadikira mpaka m'mawa uno. Mapale omwe ndapezamo ndi awa m'besenimu. Mtsuko unasweka zidutswa 31, ndawerenga kawiri. Makapu anayi anasweka nawo, awiri apulumuka. Dongo lonyowa likatentha msanga limaphulika, wina aliyense woumba akhoza kukuuzani.

Pa zaka zisanu zomwe ndakhala ndikupita kwawo, sindinaonepo mfuti. Ngakhale ali pa ulonda ankanyamula chibonga ndi tochi basi.

Wolakwa ndine, amene ndinaika mtsuko wosauma ndikudziwa. Bambo amamwa mankhwala a BP m'mawa uliwonse, ndipo lero sanamwe. Mankhwalawo ali m'kapepala aka. Ngati pakufunika wina wotsala muno, nditsale ine. Chonde mundiyankhe msanga. Ndikhala pabenchi panjapo, sindichoka.

Zomwe ndikudziwa ndi zokhazi.

Saini: Kachete